Leicester City: momwe inatengera ligi ya England ndi osewera otchipa, komanso chimene chinaigwetsa

[Chithunzi: bwalo la King Power litadzaza, ochemerera atavala buluu]

Mu Ogasiti 2015, makampani obetchera ku England ankati munthu akaika paundi imodzi kuti Leicester City itenga chikho cha Premier League, adzam'patsa mapaundi 5,000. Ankaona kuti ndi ndalama yongotola. Pa 2 Meyi 2016 analipira. Anthu ambiri amangoti zinali zozizwitsa n'kusiyira pomwepo, koma ife sitikugwirizana nazo. Pali zinthu zimene timuyi inkachita mwadala, zoti mukhoza kuziloza ndi chala, ndipo itasiya kuzichita inagwa.

[Zithunzi zakale: bwalo la Filbert Street]

Zakale tidutsamo mwachangu. Timuyi inayamba mu 1884 ndi dzina loti Leicester Fosse, inasamukira ku Filbert Street mu 1891, ndipo dzina la Leicester City inalitenga mu 1919. Anthu amaitchula kuti Nkhandwe. Mu 1929 inathera pa nambala 2 mu ligi yaikulu, kuperewera pointi imodzi yokha. Ndime yomaliza ya FA Cup inafikako kanayi, mu 1949, 1961, 1963 ndi 1969, n'kugonja maulendo onse anayi. Magoloboyi awiri otchuka a dziko la England, Gordon Banks ndi Peter Shilton, anadzera pomwepa, chimodzimodzi Gary Lineker, mwana wa mumzinda momwemo. Chikho cha League Cup inachitenga katatu: mu 1964, kenako mu 1997 ndi 2000 mphunzitsi ali Martin O'Neill.

Zitatero zinthu zinathina. Mu 2002 timu inalowa m'bwalo latsopano la anthu pafupifupi 32,000 ili itangotuluka mu ligi yaikulu, ndipo mu Okutobala chaka chomwecho inalephera kubweza ngongole. Gulu la anthu limene munali Lineker ndi limene linaipulumutsa. Mu 2008 inatsikira mu ligi yachitatu koyamba m'mbiri yake. Nigel Pearson anaikweza chaka chotsatira, ndipo mu 2010 Vichai Srivaddhanaprabha wa ku Thailand, mwini kampani ya King Power, anaigula.

[Pa sikirini: mayina a osewera ndi mitengo yawo]

Tsopano tione mmene timu ya 2016 inamangidwira, chifukwa nkhani yagona apa. Amene ankatsogolera ntchito yofufuza osewera anali Steve Walsh. Iye sankapita kumene matimu olemera amagula. Jamie Vardy anachotsedwa ku Sheffield Wednesday ali ndi zaka 16, n'kumagwira ntchito mufakitale kwinaku akusewera mpira wa m'maligi ang'onoang'ono ku Stocksbridge Park Steels. Leicester inamugula ku Fleetwood Town mu 2012 pa mapaundi 1 miliyoni, ali ndi zaka 25 koma asanakhudzepo mpira mu ligi ya akatswiri. Riyad Mahrez wa ku Algeria anachokera ku Le Havre, timu ya mu ligi yachiwiri ya ku France, mu Januwale 2014, pa mtengo wosafika theka la miliyoni. N'Golo Kanté anabwera kuchokera ku Caen mu 2015 pa mapaundi 5.6 miliyoni. Marc Albrighton ndi Christian Fuchs anabwera ulere makontrakiti awo atatha ku Aston Villa ndi ku Schalke. Danny Drinkwater anali atalephera kupeza malo ku Manchester United. Kaputeni Wes Morgan anachokera ku Nottingham Forest, goloboyi Kasper Schmeichel ku Leeds, Robert Huth ku Stoke City.

Sikuti ankangotola aliyense wotchipa. Aliyense anagulidwa chifukwa cha ntchito imodzi imene ankaidziwa kuposa anzake: Vardy liwiro, Kanté kulanda mpira, Huth ndi Morgan mipira ya m'mwamba, Mahrez kudutsa munthu ndi phazi lamanzere.

Chizindikiro choyamba chinaoneka kumapeto kwa ligi ya 2014/15, timu itangobwerera mu Premier League. Leicester inakhala pansi penipeni kwa miyezi, koma inapambana masewero 7 mwa 9 omaliza n'kuthera pa nambala 14. Pearson anachotsedwa ntchito mu Juni 2015, ndipo m'malo mwake munalowa Claudio Ranieri, amene dziko la Greece linali litam'chotsa atagonja ndi Faroe Islands. Nzeru yaikulu ya Ranieri inali yosagumula zimene anapeza. Anasiya Walsh ndi wothandizira Craig Shakespeare pa ntchito zawo.

[Bolodi ya kaseweredwe: madontho abuluu mu 4-4-2]

Yang'anani bolodi iyi. Kumbuyo kuli anthu anayi, pakati anayi, kutsogolo awiri. Poyamba timu inkagoletsa kwambiri komanso kulowetsedwa kwambiri. Mu Seputembala 2015 Arsenal inaithibula 5-2 pabwalo la Leicester pomwe, ndipo Ranieri anasintha otchinga a m'mbali onse awiri. Anaikamo Danny Simpson kumanja ndi Fuchs kumanzere, anthu amene sathamangira kutsogolo mwachisawawa. Anayi akumbuyowo ankayandikana kwambiri, kutseka pakati n'kusiya m'mbali mwadala. Adani akapeza mpata m'mbali ankaponya mpira wa m'mwamba m'bokosi, ndipo kumeneko n'kumene Morgan ndi Huth ankaufuna.

Kutsogolo kwawo kunali Kanté, amene anaposa wosewera aliyense mu ligi yonse polanda mpira komanso podula mapasi. N'chifukwa chake Leicester inkatha kusewera ndi anthu awiri okha pakati pamene matimu ena amaikapo atatu. Munthu amene ambiri amamuiwala ndi Shinji Okazaki wa ku Japan. Papepala anali wakutsogolo, koma mpira ukakhala kwa adani ankabwerera kukamatirira wosewera wawo amene amayambitsa mapasi. Ankathamanga mpaka mphamvu kutha, ndipo nthawi zambiri Leonardo Ulloa ankalowa m'malo mwake m'chigawo chachiwiri.

Akalanda mpira sankauchedwetsa. Drinkwater kapena Mahrez ankauponya pamwamba pa otchinga a adani, Vardy ali kale pa liwiro. Onani chigoli ichi cha pa 2 Febuluwale 2016 posewera ndi Liverpool: pasi imodzi yaitali ya Mahrez, mpira kudumpha kamodzi, Vardy n'kuumenya ali kunja kwa bokosi. Leicester inali m'gulu la matimu amene ankakhala ndi mpira nthawi yochepa kwambiri mu ligi, ndipo sinkadandaula nazo, chifukwa adani akakhala ndi mpira amasunthira kutsogolo n'kusiya malo kumbuyo. Vardy anagoletsa m'masewero 11 otsatizana, kuphwanya mbiri ya Ruud van Nistelrooy pa 28 Novembala 2015, ndipo anachita zimenezi posewera ndi Manchester United, timu yomwe van Nistelrooy anaikirako mbiriyo.

Kaseweredwe kotere kali ndi vuto lodziwika: adani nawonso akakhala kumbuyo, liwiro la Vardy limasowa pothamangira. Leicester itagonjetsa Manchester City 3-1 kwawo komwe pa 6 Febuluwale, matimu anayamba kuchita zomwezo. Apa ndi pamene kulimba kwa kumbuyo kunagwira ntchito. Kuyambira kumapeto kwa Febuluwale mpaka kumayambiriro kwa Epulo inapambana 1-0 kasanu, ndi Norwich, Watford, Newcastle, Crystal Palace ndi Southampton. Kwa ife, masabata amenewo ndi amene anabweretsa chikho, kuposa zigoli zokongola za mu Novembala.

Tisabise, panalinso zina zimene zinaiyendera bwino. Sinkasewera mipikisano ya ku Ulaya, ndiye osewera ankapuma sabata yathunthu ndipo ovulala anali ochepa. Morgan ndi Schmeichel anasewera mphindi iliyonse ya masewero onse 38. Matimu akuluakulu anali m'mavuto: Chelsea inachotsa José Mourinho mu Disembala atangogonja 2-1 ndi Leicester yomweyo, n'kuthera pa nambala 10, ndipo Liverpool inasintha mphunzitsi mu Okutobala. Mapointi 81 amene Leicester inapeza sakanakwanira chaka chotsatira pamene Chelsea inapeza 93. Komabe kugonja katatu kokha, kawiri ndi Arsenal ndi kamodzi ndi Liverpool, n'kusiya wachiwiri ndi mapointi 10, si mwayi ayi. Chikho chinatsimikizika Chelsea italepherana 2-2 ndi Tottenham, timu imene inkalondola Leicester pa mapointi. Vardy anamaliza ndi zigoli 24, Mahrez 17, ndipo Mahrez anakhala munthu woyamba wa ku Africa kusankhidwa ndi osewera anzake ngati katswiri wa chaka ku England.

[Chithunzi: Morgan ndi Ranieri akunyamula chikho]

Kanté atapita ku Chelsea mu Julayi 2016, anthu awiri pakati sanakwanirenso, Morgan ndi Huth anayamba kuthamangitsidwa pamtetete, ndipo Ranieri anachotsedwa mu Febuluwale 2017 timu ili pafupi kutuluka mu ligi. Chaka chomwecho inafika ndime ya matimu 8 mu Champions League, itatulutsa Sevilla n'kugonja ndi Atlético Madrid.

Chimene chinaisunga pamwamba kwa zaka zisanu zotsatira chinali lamulo losavuta: chaka chilichonse kugulitsa katswiri mmodzi pa mtengo wokwera, n'kugula achinyamata angapo. Drinkwater anapita ku Chelsea pa mapaundi 35 miliyoni, Mahrez ku Manchester City pa 60 miliyoni, Harry Maguire amene anam'gula pa 17 miliyoni anam'gulitsa ku Manchester United pa 80 miliyoni, kenako Ben Chilwell ku Chelsea. Ndalama zimenezo zinabweretsa anthu ngati Wilfred Ndidi wa ku Nigeria, James Maddison, Youri Tielemans ndi Wesley Fofana.

Pa 27 Okutobala 2018, atatha masewero ndi West Ham, helikopita ya Vichai inagwa kunja kwa bwalo itangonyamuka. Iye ndi anthu ena anayi anamwalira. Mwana wake Aiyawatt ndi amene anatenga udindo, ndipo anali pa Wembley pa 15 Meyi 2021 pamene Leicester, mphunzitsi ali Brendan Rodgers, inatenga FA Cup koyamba, pogonjetsa Chelsea 1-0 ndi chigoli cha Tielemans chomenyera patali.

A ku Zambia mukukumbukira bwino chaka chimenecho. Patson Daka anabwera kuchokera ku Red Bull Salzburg, ndipo mu Okutobala 2021 anakhala munthu woyamba wa ku Zambia kugoletsa mu Premier League pamene Leicester inagonjetsa Manchester United 4-2. Patangopita masiku anayi anagoletsa zigoli zonse zinayi pogonjetsa Spartak Moscow 4-3 ku Russia.

[Pa sikirini: ndalama zolowa ndi zotuluka]

Nanga chinalakwika n'chiyani? Mu 2020 ndi mu 2021 timu inathera pa nambala 5, maulendo onse awiri itaphonya malo a Champions League pa tsiku lomaliza. Akuluakulu ankalipira osewera ngati timu ya mu Champions League, koma ndalama za mpikisanowo sizinabwere. Mu 2021 anaphwanya lamulo lawo lija: anagula osewera osagulitsa katswiri aliyense. Bizinesi ya eni ake, ya masitolo a m'mabwalo a ndege, inali itakhudzidwanso ndi mliri wa Covid-19. Chaka cha 2021/22 timu inataya mapaundi 92.5 miliyoni, chotsatira 89.7 miliyoni, pamene malamulo a Premier League ankalola kutaya 105 miliyoni pa zaka zitatu. Mu 2022 manja anali omangika. Schmeichel anapita ku Nice osalowedwa m'malo ndi goloboyi waluso ngati iye, Fofana anagulitsidwa mochedwa, ndipo osewera angapo anasiyidwa mpaka makontrakiti awo kutha. Tielemans, amene akanabweretsa ndalama zambiri, anapita ku Aston Villa ulere. Mu Meyi 2023 Leicester inatuluka mu ligi ndi mapointi 34.

Mphunzitsi Enzo Maresca anaibwezera mu Premier League ndi mapointi 97 mu 2024, koma Chelsea inam'tenga nthawi yomweyo. Steve Cooper kenako van Nistelrooy analephera kuigwiriziza. Inagonja masewero 9 a mu ligi otsatizana pabwalo lake osagoletsa ngakhale chigoli chimodzi, n'kutulukanso mu Epulo 2025. Vardy anatsanzika mwezi wotsatira posewera ndi Ipswich Town, masewero ake a nambala 500, ndipo anagoletsa chigoli chake cha nambala 200 asanapite ku Cremonese ya ku Italy.