Project Zomboid: kuyambira tsiku loyamba mpaka chisanu

[Sikirini yakuda, nyimbo yapansipansi]

Gemu iyi ikamayamba, usanaone ngakhale zombi imodzi, pamabwera mawu okuuza kuti nkhani ukuyambayi ndi ya mmene unafera. Osati mmene unapulumukira ayi, mmene unafera. Ndiye tigwirizane pachiyambi pomwe, anzanga, kuti mu Project Zomboid mulibe kuwina. Chimene tione lero ndi mmene munthu amachokera pofa tsiku loyamba atagwira chiwaya m'manja, n'kufika pokhala ndi linga lake, munda wake, jenereta ikulira panja kunja kukugwa chipale.

Takulandirani ku tchanelo. Kwa amene simunaigwirepo, gemuyi anaipanga ndi a The Indie Stone, inayamba kuoneka mu 2011 ndipo inafika pa Steam, sitolo ya magemu ya pa intaneti, mu 2013. Nkhani yake ikuchitikira ku Kentucky, m'dziko la America, kuyambira pa 9 Julaye 1993. Choncho musayembekezere intaneti kapena foni ya m'thumba; uthenga wonse umadzera pa wailesi ndi pa TV. Zimene ndinene pano ndi za mtundu wa gemuyi wotchedwa Build 41, osasintha chilichonse m'makonzedwe. Build 42, imene inatuluka yongoyeserera mu Disembala 2024, inabweretsa ziweto ndi zina zambiri, ndipo manambala ena anasintha. Ndipo inu amene munandifunsa ngati mazombi ndi ndondocha, ayi ndithu. Ndondocha amati imakhala ndi mwini wake woituma. Izi zilibe mwini, zimangotsata phokoso ndi chimene zaona.

[Pa sikirini: munthu ali m'nyumba, akusuzumira pawindo]

Tsiku loyamba. Sankhani Rosewood kapena Riverside, matauni amene mazombi ake ndi ochepako. West Point isiyeni kaye. Mukangodzuka m'nyumbamo tsekani makatani, zimitsani magetsi, pezani botolo la madzi, chikwama ndi chomenyera chilichonse.

Tsopano mvetserani ichi, chifukwa ndi chimene chimapha alendo ambiri. Mukamayenda bwinobwino, osathamanga, mumawasiya mazombi m'mbuyo. Liwiro lanu loyenda limaposa lawo. Koma mlendo akaona mazombi khumi amaliyatsa liwiro, mpweya n'kumuthera, ndipo kumanja kwa sikirini kumayamba kutuluka timabwalo tosonyeza kutopa ndi mantha. Munthu wotopa akamenya zimangokhala ngati akusisita. Akamati akhote pakona n'kukumana ndi gulu lina, miyendo yatha kale. Yendani. Zungulirani nyumba, dutsani mumitengo, akusoweni.

Pomenyana, imodzi kapena ziwiri n'zokwanira. Ikankheni igwe, muipondereze kumutu, ndipo nthawi zonse muzicheuka, chifukwa munthu wanu saona zakumbuyo. Masamu a mabala ndi awa: mukakandidwa, mwayi woti matenda akulowani ndi 7 pa 100, likakhala bala long'ambika, 25 pa 100, mukalumidwa, 100 pa 100. Palibe mankhwala, palibe chipatala, palibe sing'anga. Mumange bandeji mmene mungathere, pakatha masiku awiri kapena atatu mwapita.

Mfuti? Mukaipeza isungeni. Munthu wosaphunzira kulozetsa amaphonya, ndipo kulira kwa shotgun kuli ngati belu loitanira mudzi wonse ku nsima.

[Pa sikirini: kalendala ya Julaye]

Apa ndi pamene ndikufuna tikhalitse. Gemuyi ili ndi kalendala yake imene sikuuzani, ndipo kusiyana kwa mlendo ndi katswiri kwagona pa kuidziwa kalendala imeneyi.

Choyamba ndi TV. Pa tchanelo cha Life and Living, kwa masiku pafupifupi 9 oyambirira, pamakhala mapulogalamu ophunzitsa: 6 koloko m'mawa zophika, 12 koloko masana ukalipentala, 6 koloko madzulo za kutchire monga kuwedza ndi kutchera misampha. Kungokhala pansi n'kuonera, luso lanu likukwera. Ndiye muchite kuchenjera: mukapeza buku loyamba la ukalipentala, liwerengeni pulogalamu isanayambe, chifukwa limachulukitsa katatu zimene mukuphunzira. Luso lililonse lotere lili ndi mabuku asanu, ndipo lomaliza limachulukitsa ka 16. Mabukuwa muwasake kusukulu, kupositi ofesi ndi m'mashelefu a m'nyumba za anthu. Ine sabata yoyamba ndimakhala ngati mwana wa sukulu yoyendera: ndituluke, nditole zapafupi, 12 koloko isanakwane ndabwerera pa TV. Tsitsani voliyumu, chonde.

Chachiwiri ndi helikopita. Imabwera kamodzi, pakati pa tsiku la 6 ndi la 9. Musaikupizire manja, si yodzakupulumutsani. Ikakuonani panja imakutsatirani, ndipo phokoso lake limakoka mazombi a dera lonse kubwera pamene inu muli. Pali wailesi yochenjeza za ngozi imene imanena za nyengo, ndipo tsiku la helikopita imatchula kuti mumlengalenga mwaoneka ndege. Nambala yake imasintha gemu iliyonse, koma nthawi zambiri mumaipeza itasungidwa kale m'mawailesi ena a m'galimoto kapena m'nyumba. Mukamva chenjezolo, khalani m'nyumba, makatani otseka, buku m'manja. Ikakupezererani muli panja, musathamangire kwanu, mungaperekeze chigulu chonsecho pakhomo panu.

Chachitatu, madzi ndi magetsi. Zonsezi zimatha kuduka tsiku lina lililonse m'mwezi woyamba, ndipo sizibweranso. Ife kuno kuzima kwa magetsi sitikudabwa nako, koma timadziwa kuti abwera usiku. Uku ayi. Ndiye mipope ikadali kutuluka, dzazani chilichonse: mapoto, ndowa, mabotolo, ngakhale makapu. Pa chakudya, yambani ndi za mufiriji, nyama, mkaka, zipatso. Zam'zitini musazikhudze, ndi nkhokwe ya mtsogolo. Ndaonapo anthu akutsegula chitini cha nyemba tsiku lachiwiri pamene firiji ili yodzaza ndi nyama. Zimandiwawa mumtima.

[Pa sikirini: nyumba ya ozimitsa moto ku Rosewood]

Magetsi akaduka, gemu imasintha nkhope. Mpaka apa mumadya zimene akufa anasiya. Kuyambira pano muyenera kupanga zanu, ndipo ambiri amene apulumuka sabata yoyamba amagwera apa.

Pofunika linga. Ku Rosewood ambiri amakonda nyumba ya ozimitsa moto: ndi yosanja, ili ndi mpanda mbali zina, mumapezeka nkhwangwa ndi zovala zolimba, ndipo polisi ili pafupi pomwepo. Ineyo ndimakonda nyumba ya kunja kwa tauni kufupi ndi madzi. Riverside ndi West Point zili m'mbali mwa mtsinje wa Ohio, ndipo mtsinje sauzimitsa munthu.

Ukalipentala wanu ukafika levulo 4 mumatha kukhoma mgolo wokololera madzi a mvula: matabwa 4, misomali 4, ndi majumbo a zinyalala 4. Mwamva? Majumbo a zinyalala. Aja mumawadutsa m'mabini tsiku loyamba aja, ayambeni kutola lero. Madzi a mumgolo ndi ofunika kuwiritsa, koma mukauika pamwamba, sinki ili m'munsi mwake, n'kulumikiza ndi sipanala ya mapaipi, madzi amatuluka abwino kumwa.

Jenereta mumaipeza m'magalaja ndi m'nyumba zosungiramo katundu, koma kuipeza si kuigwiritsa ntchito. Ngati munthu wanu sanali wa zamagetsi, mpaka mupeze magazini yophunzitsa kulumikiza jenereta. Kamagazini kameneka kanandizunzapo mwezi wathunthu, jenereta ziwiri zili phee pakhonde. Mukaipeza, jenereta ikhale panja. M'nyumba utsi wake umapha. Ndipo yoyamba musaiike kwanu, ipititseni pomwetsera mafuta, chifukwa mapampu sagwira popanda magetsi, ndipo popanda mafuta jenereta ndi galimoto zonse ndi zitsulo chabe.

Galimoto ngati mulibe kiyi mumailiza polumikiza mawaya, koma pamafunika levulo 1 ya zamagetsi ndi levulo 2 ya umakaniko, pokhapokha ngati munasankha munthu amene anali mbava. Levulo 1 ya zamagetsi njosavuta: vulani mawotchi a manambala pamikono ya mazombi amene mwapha, muziwamasula ndi sikuludiraiva. Galimotoyo musaisandutse chida chogundira mazombi. Boneti ikatha, injini ndiyo imatsatira, ndipo idzakuzimirani pakati pa gulu.

Chida chimene aliyense amachilota ndi chihamala chogumulira makoma. Mukachipeza, gumulani masitepe a nyumba yosanja, mukhome zingwe za nsalu pamawindo. Mazombi sakwera chingwe. Amatha kuchidula, ndiye mukhale nazo zingapo mbali zosiyana. Usiku woyamba kugona m'mwamba mopanda masitepe, abale anga, tulo take ndi tina.

Za munda ndidutsa mwachangu. Kabichi ndi mbatata ya kachewere zimathandiza, koma munthu wodya masamba okha amaonda mpaka mphamvu kutha, choncho onjezani nsomba ndi akalulu a mumsampha. Mitembo musaiunjike pakhomo, imadwalitsa. Ikwirireni kapena kaiotcheni kutali ndi nyumba. Chisanu chikamayandikira, sakani majuzi ndi mbaula yakale ya nkhuni ija. Mukanyowa n'kuzizidwa mumagwidwa chimfine, ndipo kuyetsemula kumaitana mazombi. Gemu iyi ilibe chisoni.

[Pa sikirini: chipale, munthu ataima padenga]

Tsopano mwafika. Madzi alipo, firiji ikulira, nkhwangwa mukuidziwa moti mazombi khumi mumawagwetsa osatuluka thukuta. Ndiye kenako? Apa ndi pamene pali msampha weniweni, chifukwa mumayamba kuboweka. Munthu wanu amaboweka, gemu imachita kukuonetsani, koma woboweka kwambiri ndi inuyo amene mwagwira kiyibodi. Mumayamba kuyang'ana mapu n'kumati, bwanji ndikaone ku Louisville?

Louisville ndi mzinda waukulu umene anauwonjezera kumapeto kwa 2021. Polowera pali malo amene asilikali anatseka msewu, ndipo mkatimo muli mazombi osawerengeka, pamodzi ndi masitolo a mfuti, zipatala ndi nyumba zazitali. Pitani, ndiko kukoma kwa gemuyi. Koma pitani ndi galimoto yodzaza mafuta, muiimike yoloza kotulukira, ndipo mukhale ndi kanyumba kogona kunja kwa mzinda.

Ine ndinapitako ndi munthu amene ndinakhala naye miyezi isanu. Ndinalowa, ndinatola mfuti, zipolopolo, mabuku, n'kutuluka wopanda ngakhale kabala. Pobwerera, dzuwa likulowa, ndinaona kanyumba kamodzi m'mbali mwa msewu. Buti inali yodzaza kale, panalibe chimene ndimasowa. Koma paja ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada. Ndinaima. Sindinazungulire nyumba kusuzumira m'mawindo monga ndinkachitira sabata yoyamba, sindinaime pakhomo kumvetsera. Pabalaza mbee, kukhitchini mbee. Ndinatsegula chitseko cha kubafa nditaima pafupi penipeni. Munali atatu. Woyamba ndinamukankha, wachiwiri anandigwira dzanja, ndipo ndinamva kaphokoso ka kulumidwa. Nditatsegula pa thanzi, mawu aja anali pomwepo: walumidwa.

Ndinakhala duu mphindi zingapo, manja ali pamutu. Kenako ndinachita zimene muyenera kuchita inunso zikakuonekerani. Ndinayendetsa galimoto mpaka kulinga, ndinatsitsa katundu yense, makiyi ndinaika patebulo, ndinathirira kabichi, ndinazimitsa jenereta kuti mafuta asathe. Chifukwa mukafa, gemu imakulolani kuyamba ndi munthu watsopano m'dziko lomwelo. Luso lonse lapita, mabuku muwerenganso, ndipo TV ija inasiya kalekale, koma linga lilipo.

Munthu wanga watsopano anayenda wapansi masiku awiri, m'chipale, atanyamula mpeni wa kukhitchini. Atafika pageti anapeza wakale uja akuzungulirazungulira m'munda wa kabichi, atavalabe jekete la ozimitsa moto lija. Ndinamukwirira kuseri kwa mgolo wa madzi, jeketelo ndinatenga.

Mu vidiyo yotsatira tiona mmene mungasankhire ntchito ndi makhalidwe a munthu wanu musanayambe, ndi chifukwa chimene ambiri mu Build 41 amasankhira wosuta fodya. Mundilembere m'munsimu kuti inu munafa tsiku lachingati, ndipo kunali kubafa kapena ayi. Tionana.