Tenanti wachotsedwa, katundu watsala: chochita ndi chiyani ku South Africa?

[Pa sikirini: chipinda chotsegula, muli bedi, filiji ndi zikwama]

Moni nonse amene mukutionera. Lero tikulankhula ndi inu amene muli ku Joni, ku Cape Town kapena ku Durban, makamaka amene mumayang'anira nyumba za lendi. Bwana akakuimbirani kuti "tenanti uja wachoka, kataye zonse zili m'chipindamo", musathamangire. Chigamulo cha khoti chimabweza nyumba kwa mwini wake, koma katundu amakhalabe wa tenanti. Mukamutaya kapena kumugulitsa, mlandu ukhoza kugwera bwanayo pamodzi ndi inu amene munanyamula.

Tiyambe ndi amene ali ndi mphamvu zochotsa munthu. Gawo 26 la malamulo aakulu a dziko la South Africa likuti munthu sangachotsedwe pakhomo pake popanda chigamulo cha khoti. Lamulo la PIE la 1998, loletsa kuchotsa anthu m'nyumba mosatsata malamulo, ndi limene limafotokoza ndondomeko yake: tenanti ndi khonsolo ya mzinda amadziwitsidwa masiku osachepera 14 mlandu usanamvedwe, ndipo khoti likagamula limatchula masiku awiri, tsiku loti munthu achoke yekha ndi tsiku loti achotsedwe ngati sanachoke. Wochotsayo ndi sherifu, amene ntchito yake ndi kukwaniritsa zigamulo za khoti, osati landilodi, osati inu. Kusintha loko kapena kudula magetsi ndi madzi musanafike pamenepa ndi mlandu pa lamulo la Rental Housing Act la 1999, ndipo chilango chake chikhoza kukhala chindapusa kapena ndende mpaka zaka ziwiri.

[Pa sikirini: foni ikujambula chipinda kuyambira pakhomo]

Sherifu akamaliza ntchito yake, katundu nkutsala, chinthu choyamba si kunyamula ayi, ndi kujambula. Lowani anthu awiri, mmodzi akhale mboni. Jambulani vidiyo kuyambira pakhomo, osaidula, mukutchula tsiku ndi nthawi. Jambulaninso mita ya magetsi ndi ya madzi. Kenako lembani mndandanda wa zonse, ndipo apa ndi pamene ambiri amachita ulesi. Kungolemba kuti "TV" sikukwanira. Lembani mtundu wake, kukula kwake, nambala ya kumbuyo kwake, komanso ngati galasi linali losweka kale. Chifukwa chake nchakuti mkangano sumabwera tsiku lomwelo. Umabwera patapita miyezi, tenanti akunena kuti m'dilowa munali ndalama, kapena kuti filiji inali yatsopano. Chimene chidzakuyankhireni ndi pepala losainidwa ndi mboni.

Pali zinthu zimene timapempha kuti muziike padera ndi manja anu: pasipoti, pemiti, ziphaso za ana, masatifiketi a sukulu, makhadi a kubanki, mabuku a kuchipatala ndi mankhwala. Ziikeni mu envulopu kapena m'katoni imodzi, mumate, ndipo muimbireni mwini wake tsiku lomwelo, ngakhale ali ndi ngongole ya miyezi isanu. Munthu wa dziko lina wopanda pasipoti ali pa mavuto aakulu kuposa ngongole ya lendi, ndipo amene amamwa mankhwala tsiku ndi tsiku sangadikire kuti mkangano wa ndalama uthe. Izi si zinthu zogwirira chikole.

Zotaya nthawi yomweyo ndi zochepa: zakudya zowola ndi zinyalala zenizeni. Zijambuleni musanataye. Valani magolovesi olimba, chifukwa m'zikwama mumapezeka malezala, magalasi osweka, nthawi zina jakisoni. Filiji muizimitse, muipukute, muisiye chitseko chili chotsegula pang'ono, apo ayi pakatha sabata fungo lake silichoka. Silinda ya gasi mutseke bwino ndipo muisunge choimirira, pamalo popita mphepo, osati pamodzi ndi matiresi. Mukapeza mfuti kapena mankhwala ozunguza bongo, musakhudze, itanani apolisi.

Zotsalazo longedzani m'makatoni, katoni iliyonse ikhale ndi nambala yofanana ndi ya pa mndandanda. Sungani m'chipinda chouma, chokiyidwa, kiyi akhale kwa munthu mmodzi. Ikani matabwa pansi kuti makatoni ndi matiresi asagunde simenti. Ku Gauteng mvula imagwa kuyambira cha mu Okutobala mpaka Malichi, ku Cape Town imagwa nyengo yozizira, ndipo katundu wongofunditsidwa pulasitiki pabwalo amawonongeka ndi chinyezi m'masiku ochepa. Akawonongeka ali m'manja mwanu, tenanti ali ndi poyambira kufuna chipukuta misozi.

[Pa sikirini: chitsanzo cha kalata]

Kalata yodziwitsa tenanti itchule pamene katundu ali, nthawi yodzatenga, tsiku lomaliza ndi ndalama zosungira ngati zilipo. Ife timalangiza masiku 30, koma yang'anani kaye pangano la lendi, mwina linanenapo kale. Tumizani pa WhatsApp, pa imelo ndi kwa wachibale amene analembedwa pa panganolo, ndipo musunge umboni woti munatumiza. Akabwera kudzatenga, awerenge mndandanda ndi kusaina.

Nanga ngongole ya lendi? Lamulo la kumeneko limamupatsadi landilodi danga logwira katundu wa tenanti, koma kudzera ku khoti la majisitileti. Sherifu ndiye amalemba katunduyo ndi kumugulitsa pa okushoni, ndipo ndalama zikatsala zimapita kwa tenanti. Ngakhale sherifuyo saloledwa kutenga zonse: bedi, zofunda, zovala zofunikira ndi chakudya cha mwezi umodzi zimatetezedwa ndi gawo 67 la lamulo la makhoti a majisitileti la 1944. Chenjeraninso ndi filiji kapena sofa yogulidwa pa ngongole, chifukwa mwina mwini wake akadali sitolo.

Dipoziti ili ndi njira yake. Landilodi akhoza kuchotsapo lendi yotsala ndi ndalama zokonzera zimene tenanti anawononga, koma asunge malisiti oti tenanti awaone. Tenanti amene katundu wake watayidwa kapena wagwiridwa popanda chigamulo akadandaule ku Rental Housing Tribunal, bungwe lomva mikangano ya nyumba za lendi, ya chigawo chimene akukhala. Kumeneko salipiritsa, ndipo chigamulo chake chili ndi mphamvu ngati cha khoti la majisitileti.