Gudumu la Kahneman ndi Ndowa ya Kachewere

[Chithunzi: msika wa Lizulu, m'mbali mwa msewu wa M1]

Mwatsika minibasi pa Lizulu, mukufuna ndowa ya kachewere. Mayi ogulitsa atchula mtengo wokwera. Mwanenerera, atsitsako pang'ono, mwanyamula muli mwee. Koma kunenerera konseko mumazungulira pa nambala imene anatchula iwo poyamba.

Mu 1974, akatswiri awiri a kaganizidwe ka munthu, Amos Tversky ndi Daniel Kahneman, anasindikiza kafukufuku wa zimenezi. Ankazunguza gudumu la manambala anthu akuona, koma analitchera kuti liziima pa 10 kapena pa 65 basi. Kenako funso: mwa mayiko 100 alionse a mu United Nations, a ku Africa ndi angati? Amene anaona 10 ankayankha cha m'ma 25. Amene anaona 65, cha m'ma 45. Chikhalirecho gudumulo silidziwa n'komwe kumene kuli Africa!

Kahneman analandira mphoto ya Nobel mu 2002, ndipo ambiri anangoti: basi, munthufe sitiganiza molongosoka.

Ine apo ndiye sindivomera. Katswiri wina wa kaganizidwe ka munthu, Gerd Gigerenzer wa ku Germany, wakhala akunena kuti njira zachidule za ubongo zimatithandiza tikamazigwiritsa ntchito pamalo pake. Nambala ya gudumu ilibe tanthauzo, koma mtengo wa pamsika umakuuzani kanthu: kachewere wachuluka kapena wasowa, feteleza anagulidwa motani. Kutsamira pamenepo si uchitsiru, kungoti wochenjera angathe kukukolerani pomwepo.

[Chithunzi: munda wa ku Bembeke]

Tversky ndi Kahneman aja anapezanso kuti ululu wotaya chinthu umaposa chisangalalo chopeza chinthu chofanana nacho, pafupifupi kawiri. Ena amati kumeneku n'kulakwitsa masamu. Kawauzeni zimenezo alimi a ku Bembeke amene amadzala chimanga, nyemba ndi maungu m'munda umodzi, osaika zonse pa mbewu imodzi ya ndalama. Iwo akadya phindu lochepa, ana amadyabe. Mbewu imodziyo ikakanika, m'nyumba mwalowa njala mpaka Malichi.

Komanso anayesedwawo ndani? Kafukufuku wa mu 2008 anapeza kuti mwa anthu 100 alionse oyesedwa m'magazini akuluakulu a maphunziro a kaganizidwe ka munthu, 96 anali a kumayiko olemera a azungu, ambiri mwa iwo ophunzira a pa yunivesite. Zimene ankataya akalakwitsa yankho zinali zochepa kwambiri, osati nkhokwe ya chaka chonse.