Adani Analephera, Mvula Inakwanitsa

Mwadzuka bwanji abale ndi alongo. Lero tili pa Mlaliki 10:18, paja pamanena za nyumba yodontha chifukwa cha manja aulesi. Musanatuluke, tayang'anani kudenga kwanu.

Kum'mawa kwa Germany, kufupi ndi malire a Czech ndi Poland, kuli phiri la Oybin. Ndi ulendo wa tsiku limodzi: sitima yakale ya malasha kuchokera ku tauni ya Zittau, makilomita pafupifupi 12, kenako masitepe okwera thanthwe. Valani nsapato zogwira bwino, miyala yake imaterera kukagwa mvula. Pamwamba pali mabwinja a linga ndi a nyumba ya amonke, imene mfumu Charles IV inakhazikitsa mu 1369. Tchalitchi chake chinadalitsidwa mu 1384, ndipo mbali ina ya khoma lake anachita kusema m'thanthwe lenilenilo.

M'zaka za m'ma 1420 asilikali a gulu la Ahusi, otsatira a mlaliki Jan Hus wa ku Czech, anabwera kudzalanda malowa, koma anabwerera manjamanja. Nanga chinagwetsa n'chiyani? Chapakati pa zaka za m'ma 1500 amonke anatha, mapemphero anazilala. Mu 1577 mphezi inagwa, moto n'kunyeketsa. Mu 1681 thanthwe linagumuka n'kuwonjezera chiwonongeko.

Amisiri omanga amadziwa zimene zimatsatira denga likachoka. Madzi amalowera pamwamba pa khoma n'kumasukuluza laimu wogwira miyala. M'nyengo yozizira madziwo amaundana, ndipo akaundana amafufuma, mng'alu n'kukula pang'ono. Chaka chamawa chimodzimodzi. Mbewu ya mtengo imagwera m'mng'alumo, muzu n'kuyamba kukankha. Phokoso palibe, wokuwa kuti kwabwera nkhondo palibe. Dontho basi.

Ifetu nkhondo zikuluzikulu timazitha. Matenda akalowa m'nyumba timasala kudya, maliro akagwa timagwada usiku wonse. Koma kabowo ka msomali pa lata timangokatchera beseni. Pemphero la m'mawa lasanduka la m'minibasi, beseni. M'bale uja simunamuyankhe moni kuyambira Khirisimasi, beseni. Baibulo lili pansi pa malisiti a magetsi, beseni linanso. M'nyumba mwadzaza mabeseni, tikuyenda cholumpha, koma alendo akabwera timawaonetsa kulimba kwa khoma.

Sindikukudzudzulani nokha ayi, tonse tili ndi pakona pamene timadziwa kuti pakudontha. Koma beseni silinaphimbepo denga. Limangoteteza pansi, pamene mtanda kumwambako ukunka nuwola mwakachetechete, ndipo chiswe chimakonda mtengo wonyowa. Kwerani lero kukadali dzuwa. Bowo limodzi lokha, lomwe Mzimu wakukumbutsani pamene mukuwerenga pano.

Ku Oybin makoma a tchalitchi adakali chiimire, ataliatali, mawindo ake osongoka opanda galasi ndi limodzi lomwe. Alendo amaima pamene amonke ankaimbira masalimo, n'kukweza maso. Amaona mitambo ikudutsa.