Kupanga Bokosi la Arcade Pakhomo: Yambirani Pogwira Manja

Omvera athu, takulandirani. Lero tikambe za kapangidwe ka bokosi la arcade la pakhomo, lomwe ndi bokosi lalikulu lokhala ndi sikirini ndi mabatani, loseweramo magemu omenyana a masiku ano, monga Street Fighter 6 ya Capcom yomwe inatuluka mu 2023 ndi Tekken 8 ya Bandai Namco ya mu 2024. Tengani cholembera, pali manambala.

Musathamangire kugula matabwa. Ambiri amayamba ndi bokosi lalikulu lokongola, ndalama n'kutheratu, kenako n'kugula mabatani otchipa ndi sikirini yochedwa. Magemu amenewa amayenda zithunzi 60 pa sekondi imodzi, ndiye kuti chithunzi chimodzi chimatenga mamilisekondi osakwana 17. Zida zanu zikachedwa ndi zithunzi ziwiri kapena zitatu, mutchinga chibakera chitakufikani kale. N'chifukwa chake ndalama zanu ziyambe zapita pa joystick (ndodo yoyendetsera munthu wa m'gemu), mabatani, bodi yolumikizira zimenezi ku makina oseweretsa gemu, ndi sikirini. Matabwa abwera pambuyo.

Joystick yomwe osewera ambiri anazolowera ndi Sanwa JLF ya ku Japan. Imabwera ndi chotchinga cha ngodya zinayi kunsi kwake, chimene chimathandiza kupeza mbali zopingasa monga pansi-kumbuyo. Okonda Tekken ena amasankha joystick ya ku Korea yomwe imabwerera pakati ndi labala, koma ngati n'koyamba, tengani JLF. Mabatani akhale Sanwa a mamilimita 30, asanu ndi atatu pa wosewera mmodzi. Street Fighter imafuna asanu ndi limodzi, atatu a zibakera pamwamba, atatu a mateche pansi. Tekken imafuna anayi. Otsalawo mumaikapo zina. Muonjezere awiri kapena atatu ang'ono a mamilimita 24 oyambitsira gemu, ndipo muwaike kutali ndi zala, chifukwa kuimitsa gemu mwangozi pakati pa nkhondo kumayambitsa mkangano.

Tsopano apa mumvetsere bwino, pakuti mpomwe matabwa ambiri amawonongekera. Mabatani a Sanwa alipo a mitundu iwiri. A OBSF-30 amangolowa n'kugwira okha ndi timapiko ta m'mbali, koma amafuna popyapyala, mamilimita awiri kufika anayi. Mukawalowetsa m'thabwa la mamilimita 18, timapikoto sitigwira, batani limangozuka. A OBSN-30 ali ndi nati yomangira kunsi, ndiye amalola pochindikalako, komabe osati thabwa lonse la 18. Njira yosavuta ndi kupanga pamwambapo zigawo ziwiri: pansi thabwa lolimba lobooledwa mabowo okulirapo, pamwamba pulasitiki yowonekera ya mamilimita 3 yokhala ndi mabowo enieni a 30. Pansi pa pulasitikiyo mungathenso kuyala chithunzi chomwe mwasindikiza.

Kayalidwe ka mabatani musakaganizire m'mutu. Pezani pa intaneti chithunzi cha kayalidwe ka Vewlix, bokosi la kampani ya Taito, musindikize pa 100 peresenti, kenako muyeze ndi lula kuti bwalo lililonse likukwanadi mamilimita 30. Makina osindikizira amakonda kuchepetsa chithunzi osakuuzani. Matani pepalalo pa katoni, boolani, ikani zala. Dzanja likamakokeka, konzani pa katoni pomwepo.

Bowo la joystick ndi la mamilimita 24. Mukaimanga, kuchokera pamwamba pa pulasitiki kufika kunsi kwa mpira wa pamutu pa ndodo pakhale mamilimita 23 kapena 24. Mukangoikhomera kunsi kwa thabwa lochindikala, ndodo imafupika, mpira umakhala ngati wamira, zala zimakhula pathabwa. Choncho sepulani thabwalo chakunsi ndi makina osepulira otchedwa router kapena tchizulo, mpaka chitsulo chomangira joystick chikhale mamilimita pafupifupi 9 kuchokera pamwamba.

Mawaya si ovuta. Batani lililonse lili ndi timano tiwiri ta mamilimita 2.8. Kamodzi kamapita ku malo ake pa bodi, kachiwiri kamalowa mu waya umodzi wotchedwa ground womwe umadutsa mabatani onse ngati unyolo. Mabatani angapo otsatizana akafa nthawi imodzi, musawataye. Unyolowo waduka penapake. Joystick ili ndi pulagi ya mawaya asanu. Mukakankhira kumwamba munthu wa m'gemu n'kupita kumanzere, ndiye kuti joystick mwaimanga motembenuza. Izungulitseni kapena sinthanitsani mawaya.

Za bodi: wosewera aliyense akhale ndi yake. Pa kompyuta, bodi yaing'ono yotchedwa Raspberry Pi Pico yoikidwa pulogalamu yaulere ya GP2040-CE ndi yotchipa komanso yachangu kwambiri. Timabodi totchipa tolembedwa kuti zero delay tisakunyengeni ndi dzinalo, timachedwa. Ngati mukugwiritsa PlayStation 5, funsani musanalipire ngati bodiyo imalandiridwa pa PS5, chifukwa makinawa amakana zida zomwe sakuzizindikira. Kampani ya Brook ili ndi mabodi opangidwira zimenezi. Kumbukiraninso kuti Street Fighter 6 ilipo pa PS4, koma Tekken 8 mulibe, imafuna PS5, Xbox Series kapena kompyuta yamphamvu.

Sikirini ikhale ya kompyuta, mainchesi 24 kapena 27, yokhala ndi mabowo a masikuluwu otchedwa VESA kumbuyo kuti muimange pathabwa. Ngati muli ndi TV basi, lowani m'masetingi muyatse Game Mode, apo ayi TV imayamba yakongoletsa chithunzi isanachionetse, ndipo kuchedwa kumachokera pomwepo.

Bokosi lenileni tsopano. Matabwa awiri a MDF (thabwa la utuchi wopanikizidwa) kapena pulayiwudi ochindikala mamilimita 18, lililonse la mamilimita 2440 m'litali ndi 1220 m'lifupi, amakwanira. Pogwira manja pakhale masentimita 90 kufika 95 kuchokera pansi ngati musewera choimirira, pafupifupi 70 ngati mutakhala. M'lifupi musachepere masentimita 80 pa anthu awiri, kuti zigongono zisamagundane. Dulani mbali ziwirizo mutazimanga pamodzi kuti zifanane. M'kati muike timitanda ta matabwa m'ngodya, muthire guluu, mumange masikuluwu. MDF imang'aluka mukalowetsa sikuluwu m'mphepete musanaboole kabowo kotsogolera. Utuchi wake ndi woipa m'chifuwa, dulirani panja mutavala chophimba pamphuno.

Kwathu kuno MDF ili ndi mdani, chinyontho. Ikangomwa madzi okolopera kapena a m'dzinja imafufuma ngati buledi, ndipo sibwereranso. Pakani penti yoyambira kawiri, makamaka m'mphepete, muikenso matayala kapena timiyendo ta labala kuti isakhudze simenti. Ine ndimalimbikitsa pulayiwudi pa chifukwa chimenechi, ngakhale imakwererapo mtengo. Kunsi kukhale kolemera, pakuti anthu akapsa mtima ndi gemu amagwedeza bokosi lonse.

Kumbuyo ikani chitseko cha mahinjesi ndi mafani awiri a mamilimita 120, lina pansi lokoka mpweya, lina pamwamba loutulutsa. Bokosi lotsekeka m'kutentha kwa Okutobala limaphika makina oseweretsa gemu omwe mwaika m'katimo, gemu imayamba kudukiza kenako n'kuzima. Pa fani yapansi ikani kaneti kotchinga fumbi ndi mphemvu, muzikatsuka mwezi ndi mwezi. Masipika awiri a mainchesi 4 ndi ka ampulifaya ka 12V zimakwana.

Magetsi onse alowe ndi chingwe chimodzi cha pulagi ya mano atatu, waya wa earth wolumikizidwa, kudzera pa chotetezera magetsi akabwera mwamphamvu, ndipo ngati mungathe, UPS, batire losunga magetsi akazima. Mawaya a 230V adutse mbali yawo, kutali ndi a mabatani, ndipo ngati simunaphunzire za magetsi, gawo ili mupatseni wodziwa. Musanatseke chitseko, lowani mu Training Mode, gawo la gemu loyesereramo, yatsani choonetsa mabatani omwe mwadina, muyese batani lililonse ndi mbali zonse zisanu ndi zitatu za joystick, kwa osewera onse awiri.