Mtsempha wa mu ubongo ukafufuma ngati chubu

Zikomo a gulupu, mafumu, amayi ndi abambo. Anyamata a kabaza muli kumbuyoko, mukudziwa chubu chikatha mbali imodzi: mukapopa, pamatuluka kachotupa, tsiku lina phuu! Mtsempha wa magazi mu ubongo umatero. Madokotala amati aneurysm. Anthu pafupifupi 3 pa 100 alionse ali nako osadziwa, ndipo ambiri sikadzawaphulikira. Chimakafulumizitsa ndi BP yokwera ndi kusuta. Inde bambo, chingambwe chomwe. Kuno ku Kasungu timalima fodya, sindikuletsa kulima ayi.

Kakaphulika, mutu umawawa mwadzidzidzi ngati wagwidwa ndi mphezi, kupweteka komwe munthu sanakumvepo chibadwire. Khosi limauma, amasanza, ena kukomoka. Apa musateme mphini, musampatse asipirini chifukwa amachedwetsa magazi kuundana. Thamangani naye kuchipatala cha boma, iwo amutumize ku Kamuzu Central ku Lilongwe akamujambule mutu ndi CT scan. Kachotupako kamakonda kuphulikanso tsiku loyamba lomwelo, ndiye mawu oti "tione kukacha" atha anthu.

Kukonza kwake kuli pawiri. Njira yakale, dokotala amatsegula kachigawo ka chigaza, n'kupana khosi la chotupacho ndi kachitsulo ka titanium, monga mupanira zovala pa chingwe. Kamakhala momwemo moyo wonse. Anayamba njira yopanayi ndi dokotala Walter Dandy ku America mu 1937.

Inayo ine imandidabwitsa mpaka lero. Mutu saukhudza n'komwe! Amaboola mtsempha wa m'mphechepeche kapena pamkono, n'kulowetsa kapaipi kowonda, kakwerekwere mpaka mu ubongo, akuonera pa sikirini. Akafika amathira timawaya tofewa ta platinamu, tizipiringizana m'chotupamo mpaka magazi aundane, khomo latsekeka. Guido Guglielmi, dokotala wa ku Italy, ndiye anabweretsa zimenezi cha m'ma 1990. Wodwala amadzuka msanga, koma amafunika kukajambulidwanso, chifukwa nthawi zina timawayato timaphwa, chotupa n'kuyambiranso.

Mayi mwafunsa kuti yabwino ndi iti. Sasankha wodwala yekha: madokotala amaona pomwe chakhala, kukula kwa khosi lake, ndi zaka za munthuyo.

Makina oyezera BP tabwera nawo, ali pansi pa mtengo wa mangowo. Ayambe agogo.