Mawu a m'mawa: Miriamu ndi Yetero

Mwadzuka bwanji abale, kuno ku Salima kwacha ndi kamwera kozizira bwino. Tiwerenge Numeri 12 ndi Eksodo 18, anthu awiri omwe sanagwirizane ndi Mose koma zinawathera mosiyana.

Miriamu ndi Aroni anayamba ndi nkhani ya mkazi Mkusi yemwe Mose anakwatira, koma mukamva bwinobwino sinali nkhani ya mkaziyo ayi, pakamwa panatuluka zoti kodi Yehova amalankhula ndi Mose yekha, ife ndiye ayi? Mpando umenewo, nsanje basi. Ndipo anakamba za Mose, osati kukamba ndi Mose. Miriamu anachita khate, masiku 7 ali kunja kwa msasa, mtundu onse unaima osayenda kumudikira. Miseche ya anthu awiri inaimitsa ulendo wa anthu onse.

Tsono Yetero, apongozi ake a Mose, iwowa ndimawakonda ine. Anaona kaye mkamwini wawo ali kuweruza milandu kuyambira m'mawa mpaka madzulo, anthu ali chilili, kenako anamuuza pamaso kuti zimene ukuchitazi sizabwino, utopa iwe ndi anthuwanso atopa. Mawu owawa ndithu amenewo, sanamunyengerere. Koma sanathere pomwepo, anabwera ndi njira yoti asankhe anthu oopa Mulungu, odana ndi ziphuphu, ena aziyang'anira 1,000 ena 100 ena 50 ena 10, milandu ikuluikulu yokha izifika kwa Mose. Mose anamva.

Ife kwathu kuno tili mbali iti? Mjigo ukawonongeka timadya nawo komiti mkamwa sabata yonse, ati ndalama zosonkha zija adya, pa chigayo yomweyo, pa kabaza yomweyo, ngakhale ku maliro tikusenda nkhani ya atcheya. Ndiye amfumu aitanitse msonkhano pansi pa mtengo afunse alipo ali ndi chonena? Zii, aliyense maso pansi, wina mpaka kuwomba m'manja kuti zonse zili bwino. Kutchalitchi chimodzimodzi, msungichuma timamuweruza pa WhatsApp usiku koma tsiku lowerenga lipoti palibe okweza dzanja. Inenso ndachitapo zimenezi, sindikudzichotsa.

Sindikunena kuti atsogoleri asamafunsidwe, ayi ndithu, mutu ukakula sulewa nkhonya. Mneneri Natani anauza Davide yemwe, mfumu yathunthu, kuti munthu wolakwayo ndinu. Ndipo inu atsogoleri, wokufunsani za buku la ndalama si mdani wanu, Mose akanati apongozi mwabwera liti inu kuti mundiphunzitse bwenzi atafera pa mpando oweruzira uja.

Pali munthu amene dzina lake lakhala pakamwa panu sabata ino iye kulibe. Mukamwa tiyi mupite mukamupeze awiriwiri monga Mateyu 18:15 akunenera, mutenge funso lanulo ndi maganizo a mmene zingakonzekere.

Ambuye gwirani lilime langa lero mpaka ndikafike pakhomo pa munthuyo. Amen.